Sisiliya wa Pansi pa Nthochi

Khalani pansi, adzukulu anga, agogo anu alankhule. Iwe Madalitso, usaseke. Ndikudziwa kuti ndevu zanga n'zowerengeka ndipo mayeso a Folomu 4 ndangolemba kumene, koma dzina la Bonifasio sindinalitole panjira. Linali la bambo awo a amayi, ndipo tsiku limene anandipatsa anandipatsira pamodzi ndi ulemu wake. N'chifukwa chake amayi akakondwa amanditchula kuti abambo. Akakwiya amanditchula zina, zosayenera makutu anu. Tsono ngati amayi ali mwana wanga, inu ana a achemwali anga Aginesi ndinu ndani kwa ine? Adzukulu basi. Sisiliya, sendera pafupi, pakuti nkhani ya lero ndi yako. Amayi ako adzakuuza yawo yochapachapa ndi sopo, koma yeniyeni ndi ino.

Inu ana a masiku ano mwabadwa zinthu zitafewa. Mjigo uli poteropo, getsi la sola lili padenga, mukangolira pang'ono akupatsani foni muziona tizithunzi. Kale lathu sizinali choncho. Madzi tinkatunga kukasupe, kukwera phiri ndi chigubu kumutu. Tinkawerengera koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Choseweretsa changa chinali kakhasu kotha kamene anasiya eni dzina langali, mpini wake wosalala ngati botolo. Nyengo iliyonse inali ndi ntchito yake. Dzinja, ngumbi ndi bowa. Masika, kubwereka nzimbe za anthu osawauza. Chisanu, mbewa. Chilimwe, legeni. Chule amene anapezeka m'chipewa cha akatekisiti analowamo yekha, ine ndinangomusonyeza njira. Koma chaka chonse, mvula kaya dzuwa, ndinkakumba nyongolotsi zowedzera kudimba kwathu kuja, m'mbali mwa kamtsinje kotsika m'phiri.

M'kukumba kumeneko ndi mmene ndinakumanirana ndi mwini nkhani. Panali pansi pa thunthu la nthochi lowola, pa dothi lakuda lonunkhira bowa. Ndinatukula chibuma, n'kuona chinthu chikudzipinda. Kutalika kwake, kuyambira kunsonga ya chala mpaka pafupi ndi chigongono changa cha nthawi imeneyo. Kunenepa, ngati cholembera. Pamsana chinali chakuda ngati biringano, kumimba chofiirira ngati chikhatho cha khanda, thupi lonse lili ndi timizere tozungulira. Ndinati lero ndapeza mfumukazi ya nyongolotsi, mlamba suthawa. Koma nditachigwira chinandikanira. Nyongolotsi m'manja imakhala lobodo, ikamayenda imatalika n'kufupika. Ichi iyayi. Chinali ndi msana, ndipo chinkaboola pakati pa zala zanga ndi mutu wolimba ngati msomali. Ndinachiponya m'chitini cha nyambo, ndipo pofika kumtsinje ndinachipeza chili ndi nyongolotsi yanga mkamwa, theka itapita kale.

Ndinathamanga nacho kwa amayi. "Nyongolotsi yokalamba imeneyo, taya," anatero osayang'ana n'komwe. Amalume anayang'ana ali patali. "Njoka, ipha." Mudzi wonse panalibe wodziwa dzina lake. Ine sindinataye, sindinaphe. Ndinakachibwezera pathunthu pomwe paja, ndipo kuyambira pamenepo ndinkafunafuna zinzake mpaka ndinadziwa khalidwe lawo. Sizikonda dzuwa. Zimakhala pamene dothi silikuuma koma silinamire m'madzi. Mvula ikagwa zimakwera kufupi ndi pamwamba, kukauma zimatsikira pansi.

Dzina ndinakalipeza ku sekondale, ndili Folomu 1. Aphunzitsi a sayansi anajambula chule pabolodi, pambali pake n'kujambula chinthu chopanda miyendo. Anati ameneyu ndi m'bale wake wa chule, ngakhale amaoneka ngati njoka, ndipo dzina lake ndi sisiliyani. Ndinadumpha pampando. Mnzanga wapadimba, pabolodi! Dzinalo ndinangolidula kamchira, n'kukhala Sisiliya. Ndipo musaiwale, adzukulu anga, sindine ndinayambitsa. Anayambitsa ndi asayansi.

Tsopano tibwere kwa bambo anu, alamu anga a Layitoni. Inu mumawaona lero ali ndi kamimba, akulamula mbuzi pakhomo, koma nthawi imeneyo anali mkamwini wofatsa, woyenda chozemba ngati akuopa kudzutsa nkhuku. Kwawo ndi ku Utale, kutsidya kwa Shire, ku Balaka. Ndinapitako kamodzi pa keliyala ya njinga yawo, matako anandiwawa mpaka Lamulungu linzake. Dziko la malambe, thonje ndi fumbi, kumene dothi limauma ngati chiwaya. Munthu wa kumeneko zinkhanira ndi mphiri amazidziwa, koma zokhala m'matope sazidziwa. Amayi anawapatsa chigawo cha dimba kuti aone ngati mkamwiniyo ali ndi manja. Iwe Madalitso unali ukuyenda wamaliseche pabwalo, iwe Sisiliya unali m'mimba, achemwali atatopa kale.

Inali nyengo yotentha, mapiri atapsa. Ndiye kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yongozimitsa phulusa. Mawa lake linali Loweruka, ine nditabwera kuchokera kusukulu, poti pakati pa sabata ndinkagonera komweko. Alamu ananditenga kuti tikatsegule ngalande ya pansi pa nthochi. Iwo anali kutapa zinyalala zowola ndi manja. Mwadzidzidzi ndinamva kukuwa kumene sindinamvepo kwa munthu wovala buluku. Potembenuka, ndinaona alamu atagwira Sisiliya wamkulu bwino, akuwapiringiza padzanja. Anamuponya uko, iwo n'kugwera uku, m'ngalande, chagada.

"Mayo ine! Malodza! Njoka ya mitu iwiri, masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Alamu, dzukani, mwakhalira madzi."

"Iwe sukudziwa kanthu. Kwathu munthu akaona imeneyi, maliro ali panjira. Ndipo achemwali ako ali ndi pakati. Mulungu wanga, bwanji yasankha ine?"

Ndikanatha kuwamasula pomwepo. Koma nkhope yawo inali yokoma kwambiri, ndinati ndiyambe ndaisunga pang'ono. Anandigwira mapewa ndi manja amatope.

"Lumbira, alamu. Za njoka imeneyi usauze munthu, makamaka Aginesi."

"Ndalumbira. Za njoka sindidzanena."

Ndipo mpaka lero lumbiro limenelo sindinaliswe, poti sinali njoka.

Lamulungu masana ndinali kumanga thumba la ufa ndi usipa panjinga kuti ndibwerere kusukulu. Achemwali anabwera atagwira msana.

"Boni, alamu ako chibwerere kudimba dzulo sakudya, sakundiyang'ana kumaso. Kunachitika chiyani kumeneko?"

"Andiletsa kunena, achemwali."

"Akuletsa? Tanena, iwe!"

Ndinakwera njinga, phazi limodzi pansi. "Poti ndinu, ndinena pang'ono. Ndinawapeza atagwira Sisiliya pansi pa nthochi."

N'kupalasa. Onani bwino mawu amenewo, adzukulu anga, muwatembenuze uku ndi uku. Mulibemo bodza ngakhale limodzi.

Koma m'mudzi muno munali kale Sisiliya wina, a Sisiliya otsogolera kwaya kutchalitchi, amene inu mumawadziwa bwino. Amuna awo anapita ku Joni kalekale osabweranso, ndipo dimba lawo ndi lochita malire ndi lathu. Musandifunse ngati ndinkadziwa. Nanga kukoma kwake kukanachokera kuti? Ine kuwerengera kwanga kunali kwakuti kukhala phokoso la madzulo amodzi, alamu aulula za njoka yawo, anthu aseka, basi. Chimene sindinawerengere ndi mtima wa bambo anu.

Nditabwerako Lachisanu ndinapeza pakhomo pali zii. Chikwama cha alamu, wailesi yawo ndi nsapato zakudimba zinali m'gowelo mwanga, ndimo ankagona. Inu simukudziwa, koma kuno kwathu mwamuna ndi mlendo. Nyumba amange yekha, njerwa aumbe yekha, akalakwa amatuluka ndi chikwama chokha. Amayi anandikokera kukhitchini n'kundiuza mmene zinayendera. Achemwali anafunsa amuna awo kuti, kodi Boni munamuletsa kunena? Iwo anati eya. Kunena chiyani? Chete. Za a Sisiliya anakana mpaka kugwada, koma chimene anandiletsacho osachitchula. Nkhani inafika kumjigo, kuchokera kumjigo inafika kutchalitchi. A Sisiliya anasiya kupita kokonzekera nyimbo. Ankhoswe a ku Utale anali atauzidwa kale, akubwera mawa lake.

Ndinalowa kwa achemwali, maso awo atatupa ngati alumidwa ndi njuchi.

"Achemwali, Sisiliya uja si munthu. Ndi kanyama ka m'dothi."

"Akupatsa chiyani alamu akowo?"

"Zoona, ndi m'bale wake wa chule!"

"Tuluka."

Amayi nawo anangoti, "Iwe chibadwire wanenapo zoona kangati?" Funso lopanda chilungamo.

Alamu ndinawapeza atakhala pamphasa yanga, mutu uli m'manja.

"Wandipha, alamu," anatero. "Ndinakulakwira chiyani?"

"Ingonenani za chinthu chija, nkhani ithe. Si njoka, ndikukuuzani, ndi m'bale wake wa chule."

"Chule wopanda miyendo? Usandinyengerere ngati mwana. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndiye ndikanene malodza pamaso pa mayi wapakati, azigona akuganiza kuti akufa ndi iyeyo kapena mwana? Iyayi. Bola ndibwerere ku Utale azindida, koma asaope."

Musaganize kuti ndinalapa. Kulapa n'kwa olakwa. Koma ndinaona kuti munthu wotere m'mudzi muno sitingamupezenso, ndiponso akachoka ndizinamiza ndani? Pakamwa panga panalibe wokhulupirira. Panafunika mboni, ndipo mboniyo inali pansi pa nthaka.

Ndinatenga kakhasu kanga kupita kudimba. Koma chizimalupsa n'chachinyengo. Dzuwa linali litabwerera ndi ukali, pansi pa nthochi pataumanso gwa. Ndinatembenuza thunthu lililonse, ndinakumba mpaka matuza. Mabongololo, mphutsi zoyera, nyerere zolusa. Sisiliya anali atatsikira kumene khasu silifika. Dzuwa linalowa chitini chili chopanda kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga chakudya chinandikanika.

M'mawa kusanatenthe ndinakwera phiri kutsata kamtsinje, kupita kukasupe kuja tinkatunga madzi. Chibwerere mjigo, njira inali itamera, minga ikundikoka malaya. Pakati panjira, pamalo ouma, ndinatembenuza mwala, n'kupeza njoka ya mitu iwiri yeniyeniyo. Mvetserani, pakuti apa ndi pamene anthu amasokoneza. Imeneyo ndi youma, yonyezimira ngati sipoko ya njinga, ili ndi timamba tating'ono ndipo imatulutsa kalilime. Mutu ili nawo umodzi, kungoti mchira wake ndi wobuntha, kunsonga kuli kaminga. Ndinaibwezera mwala wake. Imeneyo ndikanapita nayo, bwenzi bambo anu atathawa osaimanso mpaka ku Mozambique.

Kukasupe dothi linali lozizira, lofewa. Panali chipika cha mkuyu chowola. Ndinachigubuduza pang'onopang'ono, nyongolotsi zili yakaliyakali. Ndinadziwa kuti pamene pali chakudya mwini sakhala kutali. Ndiye ndinaona kauna kozungulira bwino, m'mbali mwake mosalala ngati mozira. Ukapeza kotero usatemepo khasu, umudula pakati. Umayambira patali, khasu chopendeka, n'kutukula chibuma chonse, kenako kuphwanya ndi zala. Chibuma choyamba, palibe. China, palibe. Kumunsi ndinamva belu la njinga, ndinadziwa kuti a ku Utale afika. Ndinatukula chinanso, n'kuona kamchira kakuda kakulowa pansi. Kumchira sugwira, amaterera ngati therere. Ndinalowetsa dzanja kutsogolo kwake, ndinamva kamutu kaja kakundiboola m'chikhatho. Sindinamvepo kukoma kotere. Ndinamuika m'chitini ndi dothi lonyowa, masamba pamwamba, n'kutsika phiri ngati mwala.

Ndinawapeza pansi pa mango. Amalume athu mbali iyi, amalume awo a alamu mbali iyo, njinga yawo atatsamiritsa pamtengo. Achemwali ndi amayi pamphasa. Alamu pakampando, maso pansi. A Sisiliya a kwaya anali atabwera osaitanidwa, atakhala chapatali, manja atapinda pachifuwa. Akuluakulu a ku Utale anali akunena kuti ngati mwana wawo wakanika kulankhula, iwo amutenga lero lomwe.

Ndinagwada mwaulemu, matope mpaka m'mawondo. "Pepani akuluakulu, mboni yafika."

"Choka apa iwe," anatero amalume athu.

"Mwati mukufuna kudziwa amene alamu anamugwira pansi pa nthochi. Ndi uyu."

Ndinakhuthula chitini pakati pa bwalo. Dothi linagawikana, Sisiliya n'kutulutsa mutu.

Adzukulu anga, bambo anu anauluka. Kampando kanagwera uko. Amalume awo, munthu wa imvi, ndinangowaona ali kuseri kwa njinga. Koma alamu atathamanga pang'ono anaima, anatembenuka, n'kubwerera. Miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi, anadzaima pakati pa chinthucho ndi achemwali, n'kuwatseka maso ndi zikhatho.

"Ndi yomweyo! Aginesi, usayang'ane! Chonde usayang'ane, malodza amenewa agwere ine!"

Mantha otere munthu sangawapeke. Bwalo lonse linaona. Achemwali anachotsa manja aja pang'onopang'ono, anasuzumira, anayang'ana amuna awo.

"Ichi? Sabata yonse osadya chifukwa cha ichi? Chimene nkhuku zathu zimakanganirana dzinja lililonse?"

"Ndimaopa iwe ndi mwana," anatero alamu ndi mawu aang'ono.

Achemwali anayamba kulira, kulirako kunasanduka kuseka, mpaka amayi anawagwira kuti mwana angabadwire pomwepo. Ameneyo unali iwe, Sisiliya.

Ine ndinanyamula mboni yanga n'kuyamba ntchito. Ndinawasonyeza mutu, umodzi wokha, ndi kamwa lake lokhala chapansi. Ndi kaudzu ndinatsegula pang'ono kuti aone timano. Ndinati onani, lilime satulutsa, mamba simukuwaona, khungu n'lonyowa. Amalume a ku Utale anatuluka kuseri kwa njinga, anasendera, anakhudza ndi nsonga ya chala, n'kudzipukuta pabuluku.

"Chikuterera ngati mlamba," anatero. "Ya mitu iwiri ndimaidziwa ine, youma ngati waya. Iyi si iyo. Layitoni, malodza sakhala ndi mamina. Nyamula chikwama chako ulowe m'nyumba, wandiyendetsa padzuwa pachabe."

Ndinaganiza kuti zatha, ndizilandira kuwomba m'manja. Ndinaiwala munthu mmodzi. A Sisiliya a kwaya anadzuka, anakonza chitenje, anabwera. Anatenga kanyamako m'manja mwanga popanda mantha, anakayang'ana kumutu ndi kumchira.

"Ndiye mwana iwe, pa zolengedwa zonse za Mulungu, unaona kuti dzina langa likuyenera ichi? Chopanda miyendo, chopanda maso?"

"Maso alipo, amayi, kungoti ndi obisika. Ndipo dzinalo si ine, ndi asayansi. Amati sisiliyani."

"Chimayimba?"

"Iyayi."

"Ndiye ukawauze asayansi akowo kuti Sisiliya amayimba."

Anandibwezera ndi dzanja limodzi, linalo linapeza khutu langa. Taonani, mpaka lero lakumanzereli ndi lalitali kuposa linzake. Akuluakulu anagamula kuti ndipalire dimba lawo dzinja lonse. Iwo ankati chilango. Dimba la a Sisiliya lili ndi nthochi zambiri kuposa lathu, ndipo mmenemo ndinapezamo anzanga ochuluka, aakulu ndi aang'ono, kuphatikizapo nzimbe zimene palibe anaziwerenga. Mboni yanga ndinakaibwezera kukasupe tsiku lomwelo, pansi pa chipika chake, dzuwa lisanaiumitse.

Iwe unabadwa mvula itakhazikika, chimanga chili m'mawondo. Amayi ako anali ndi manyazi ndi mayi amene anamunenera zoipa kumjigo. Anapita okha kukapepesa, atakubereka kumbuyo, n'kuwapempha kuti adzakunyamule pa ubatizo. A Sisiliya anavomera, koma anati mwanayo atenge dzina lawo, kuti m'mudzi muno likamatchulidwa anthu azikumbukira mwana, osati za pansi pa nthochi. Anayesetsa, mayi wachifundo. Koma ine ndilipo.

Choncho akamakuuza kuti dzina lako linachokera kwa amayi a kwaya, uzivomera, n'zoona. Kungoti pakanapanda wa m'dothi uja ndi agogo ako ano, bwenzi uli Malita kapena Joisi wamba. Ndipo amayi ako akamanena kuti ndinatsala pang'ono kupasula banja lawo, uziwafunsa kuti ndani anawasonyeza kuti anakwatiwa ndi mwamuna woti miyendo ikunjenjemera amabwererabe. Akuponyera chikho, koma sakuyankha.

Tsopano dzukani. Mvula yagwa usiku, dothi lafewa, anzanga akwera pamwamba. Sisiliya, nyamula kakhasu, lero ukaonane ndi mnzako wa dzina. Madalitso, tenga chitini, uthiremo dothi lonyowa. Tikamubweza kwawo dzuwa lisanakule, koma ayambe wacheza pang'ono. Bambo anu asiya nsapato zakudimba pakhonde, ndipo sanadzuke.